Kamuzu amene sitinamuphunzire m'kalasi: masana ntchito, usiku buku

Mwezi uno gawo la mbiri landigwera ine.

Pa msonkhano wathu wapitawu tinakangana mpaka dzuwa kulowa pa nkhani imodzi. Munthu walemba Fomu 4, dzina lake silinatuluke ku yunivesite, wayamba kale kaganyu kuti azipeza ya sopo. Kodi ameneyu angathe kuphunzira uku akugwira ntchito? Ena anati ndi maloto chabe, ena anati zimatheka bola mtima. Ine tsiku limenelo sindinayankhule zambiri chifukwa nkhaniyo imandilasa: masana ndimakhala m'golosale ya amalume, ndipo mabuku anga ali m'katoni kunsi kwa bedi. Ndiye ndinati ndifufuze munthu wa dziko lino amene anadutsamo m'njira imeneyi. Amene ndinamupeza ndi munthu yemwe tonse timaganiza kuti timamudziwa, poti nkhope yake ili pa K1000. Ndikunena Dr Hastings Kamuzu Banda.

Kusukulu tinaloweza zoti anali mtsogoleri woyamba wa dziko lino, anathetsa chitaganya, ufulu unabwera mu 1964, basi. Agogo athu ali ndi zawo zimene amakumbukira, zina zokoma, zina zoti amatsitsa mawu akamazinena, ndipo ndizikhudza kumapeto. Koma zaka zimene ndikufuna tizione bwino ndi za pakati pa 1915 ndi 1941, pamene munthuyu sanali Ngwazi, anali mnyamata wosaka sukulu m'mayiko a eni.

A Kamuzu anabadwira kufupi ndi Kasungu. Tsiku la 14 May limene timapuma lija ndi lochita kuikidwa, poti nthawi imeneyo kumudzi kunalibe wolemba masiku obadwa. Boma lawo linkati anabadwa mu 1906, koma olemba mbiri ambiri amati ndi cha m'ma 1898. Chaka chimenechi muchisunge m'mutu, tichifuna powerengera zaka kutsogoloku. Dzina loti Kamuzu ndi kamuzu komweka ka mtengo: mayi awo anavutika kuti aone mwana, mpaka anachita kumwa mankhwala a mizu. La Hastings analitenga pobatizidwa, kutengera mmishonale wina wa ku Scotland, John Hastings.

Sukulu anayambira ku Mtunthama pansi pa mtengo wa kachere, kenako anapitiriza ku Chayamba ndi ku Chilanga, sukulu za mishoni ya Livingstonia. Amalume awo, a Hanock Msokera Phiri, anali mphunzitsi, ndipo mnyamatayo ankafuna kutsata mapazi awo. Mu 1915 anakhala pa mayeso oti akakhoza apite kukaphunzira ku Livingstonia. Nkhani yake imanenedwa chonchi: anali wamfupi, anamukhazika kumbuyo, ndiye anaimirira kuti aone bwino mafunso pa bolodi. Woyang'anira mayeso, mmishonale Thomas Cullen Young, anaganiza kuti akuonera za mnzake, n'kumutulutsa. Mayeso anathera pomwepo.

Anzanga amene munayang'ana mndandanda wa osankhidwa katatu konse osapezapo dzina lanu, mukudziwa mmene m'mimba mumazizirira. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analibe mwayi wobwereza chaka chamawa, ndipo m'Nyasaland monse munalibe sekondale ngakhale imodzi. Pasanapite nthawi yaitali anauyamba ulendo wapansi wolowera kummwera. Cholinga chinali Lovedale, sukulu yotchuka ya amishoni a ku Scotland ku South Africa. Ku Lovedale sanafikeko m'pang'ono pomwe.

Anakaima ku Hartley, ku Southern Rhodesia, kumene lero kumatchedwa Chegutu m'dziko la Zimbabwe. Kumeneko anapeza ntchito pachipatala, yosesa ndi yothandizira odwala. Dokotala wam'tsogoloyo chipatala anachilowa ndi tsache m'manja. Mu 1917 iye ndi amalume ake aja anapitirira ku South Africa. Anayamba wagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Dundee, m'chigawo cha Natal, kenako anafika ku Boksburg pafupi ndi Johannesburg, pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep. Ku Joni kwenikweni, komwe azichimwene athu akupitabe mpaka lero.

Apa ndi pomwe pali nkhani yathu, ndiye tisathamange. Pa mgodi paja a Kamuzu anadzakhala kalaliki komanso womasulira. M'makomboni a migodi munali amuna ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique, ku Basutoland ndi kwina, aliyense chilankhulo chake, ndipo mabwana ankafuna munthu wodziwa kulemba ndi kumva Chingerezi. Kasukulu kochepa ka ku Chilanga kaja n'kamene kanawapatsa mpando ndi cholembera m'malo mwa fosholo. Ndiye akaweruka madzulo ankapita ku sukulu ya usiku. Ku South Africa anakhalako pafupifupi zaka 8, moyo wake uli umenewo: masana ntchito, usiku buku, Lamulungu kutchalitchi.

Ine ndikuona kuti ichi anthu amachilumpha akamatiuza kuti tilimbikire ngati akuluakulu akale. Si ntchito iliyonse imene imakusiyira mphamvu zoti uwerenge. Amene wawokera mpunga m'sikimu ya Bwanje kuyambira mbandakucha, msana uli wowerama m'madzi, akatsegula buku usiku tulo timamupeza pa tsamba loyamba. Chimodzimodzi mnzathu wa kabaza amene wapalasa tsiku lonse la msika pa Golomoti. Si ulesi ayi, ndi thupi. Pa mgodi paja panali anyamata ambirimbiri a nzeru ngati a Kamuzu, mwinanso kuposa, koma ankatuluka pansi pa nthaka atatheratu. Kalaliki ankaweruka miyendo ili bwino, maso akuona. Kasukulu kochepa kanabala ntchito yopepukirako, ntchito yopepukirakoyo n'kupereka mpata wa sukulu ina. Anakwera choncho, sitepe imodzi imodzi, ndipo sitepe iliyonse inatenga zaka.

Mu 1921 ku South Africa kunabwera James Aggrey, mphunzitsi wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, yemwe anaphunzira ku America. A Kamuzu anamumva akuyankhula, ndipo kuona munthu wakuda wophunzira chotero kunawasintha maganizo: maso anachoka ku Lovedale n'kuloza ku America. Iwo ndi amalume awo analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, umene timangoti AME, mpingo woyambitsidwa ndi anthu akuda a ku America. Bishopu wa mpingowo, William Vernon, analonjeza kuti awathandiza sukulu akapezeka kuti afika ku America. A Hanock Phiri anabwerera kumudzi kukakhazikitsa mpingowo ku Kasungu, ndipo mu 1925 mphwawo anakwera sitima ya pamadzi kupita ku New York.

Tsopano tiwerengere zaka zija. Ngati anabadwa mu 1898, ndiye kuti ankafika ku America ali ndi zaka 27, ndipo sankapita ku yunivesite ayi. Ankapita kukayamba sekondale, ku Wilberforce m'boma la Ohio, sukulu ya mpingo wa AME, kukakhala pa desiki limodzi ndi ana oti ndi adzukulu a anzake. Anamaliza mu 1928 ali ndi zaka 30. Ine ndili ndi zaka 20 ndipo ndimadziona ngati sitima inandisiya kalekale. Nditawerengera zimenezi ndinadziseka ndekha m'golosale muja, mpaka kasitomala anandifunsa ngati ndili bwino.

Atamaliza ku Wilberforce thandizo la mpingo linatha. Analibe munda, analibe mbale m'dziko lonselo. Chimene anali nacho chogulitsa ndi kwawo. Ankayenda m'matchalitchi ndi m'magulu a anthu kukayankhula za Africa, anthu n'kumawapatsa kangachepe. Pa msonkhano wina wotere anakumana ndi munthu amene anawathandiza kulowa Indiana University ku Bloomington, kukayamba maphunziro okonzekera udokotala. Ali kumeneko analembera mphunzitsi wina wofufuza nthano za makolo, Stith Thompson, nkhani zingapo za miyambo ya Achewa. Thompson anawalumikiza ndi katswiri wa zilankhulo Edward Sapir wa ku University of Chicago, ndipo patatha zaka 2 anasamukira ku Chicago.

Ganyu wa ku Chicago ndi amene anandidabwitsa kuposa zonse. Kunali wophunzira wina wakuda wa ku America, Mark Hanna Watkins, amene ankafufuza chilankhulo cha ku Africa kuti apeze digiri yake ya pamwamba. Ankafuna munthu woyankhula chilankhulo chotero kuyambira ali mwana. A Kamuzu ndiwo anakhala munthu ameneyo. Ntchito yawo inali kukhala pansi ndi Watkins n'kumayankhula Chichewa: kutchula mawu, kuwabwereza, kupanga ziganizo, kufotokoza chifukwa chake timati munthu uyu koma chinthu ichi. Tangoganizani kufotokozera mlendo kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma pakamwa amasiyana kakwezedwe ka mawu. Ife timangoyankhula osaganizira, koma kuti ulongosole pamafunika mutu. Pa ntchito imeneyi panatuluka buku la A Grammar of Chichewa, limene linasindikizidwa mu 1937. Chichewa cha ku Kasungu, cholembedwa ku Chicago, kuchokera pakamwa pa mnyamata wosaka fizi. Mu 1931 a Kamuzu analandira digiri yawo yoyamba, ya mbiri ndi ndale, ali ndi zaka 33.

Ndinene chilungamo apa, kuopa kuti wina andigwira bodza pa msonkhano wotsatira. Ku mayunivesite a ku America a Kamuzu sankaphunzira Loweruka ndi Lamulungu lokha ngati mmene amachitira anthu apantchito m'tauni masiku ano, kapena mophunzira uli kwanu monga zilili ndi maphunziro a ODeL a ku Mzuzu University ndi ku LUANAR. Ankalowa m'kalasi ngati wina aliyense, maganyu n'kumabwera m'mbali. Sukulu ya usiku yeniyeni inali ya ku Boksburg ija. Chachiwiri, maganyu okhawo sakanakwanira. Mu 1929 chuma cha America chinagwa, anthu mamiliyoni anachotsedwa ntchito, ndipo munthu wakuda wochokera kunja anali kumapeto kwa mzere. Panali anthu akufuna kwabwino amene anawagwira dzanja, monga Walter Stephenson wa kampani ya Delta Electric. Tikamanena kuti anadziphunzitsa okha timanama. Pa sitepe iliyonse panali wina: malume, bishopu, mphunzitsi, mwini kampani. Luso lawo linali lodziwa kugogoda, ndiponso kuonetsa zotsatira kuti wothandizayo asagwe ulesi.

Kuchoka ku Chicago anapita ku Meharry Medical College ku Nashville, m'boma la Tennessee, sukulu yophunzitsa madokotala akuda. Kumeneko ndi kummwera kwa America, komwe nthawi imeneyo lamulo linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'sitima ngakhale m'zipatala. Anamaliza mu 1937, zaka 39, dokotala.

Mukuganiza kuti zathera pamenepo eti? Ayi. Kuti agwire ntchito m'dziko lolamulidwa ndi Britain ngati Nyasaland, mapepala a ku America sanali okwanira. Anayenera kuwoloka nyanja kupita ku Edinburgh, ku Scotland, kukakhalanso pa desiki. Kumeneko boma la Nyasaland linkawapatsa mapaundi 300 pachaka, mpingo wa Church of Scotland nawonso unkawathandiza. Mu 1941 anakhoza mayeso a madokotala a ku Edinburgh ndi Glasgow. Kuchokera tsiku lotulutsidwa m'mayeso ku Kasungu panali patapita zaka 26. Ambiri a ife m'kalabu muno sitinakwanitse n'komwe zaka zimenezo chibadwire.

Ku Edinburgh komweko anakumananso ndi Cullen Young, yemwe uja anawatulutsa m'mayeso. Sanasungirane mangawa. Anagwirira limodzi ntchito yomasulira m'Chingerezi nkhani zolembedwa ndi anthu a ku Nyasaland, ndipo buku lake, Our African Way of Life, linatuluka mu 1946 lili ndi mayina a onse awiri. Dziko ndi lozungulira ndithu.

Chopweteka n'chakuti atavutika chonsecho, khomo la kwawo linatsekeka. Ankafuna kudzagwira ntchito ku mishoni, koma anamwino achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Boma la atsamunda nalo linaika mfundo zoti asamasakanikirane ndi madokotala achizungu kunja kwa ntchito. A Kamuzu anangokhala ku Britain konko. Anagwira ntchito ku Liverpool, kenako ku North Shields nthawi ya nkhondo yachiwiri, nkhondo itatha n'kutsegula chipatala chawo ku London, komwe odwala ambiri anali azungu. Ndalama zitayamba kulowa, nawonso analipirira sukulu ana angapo a ku Africa. Mu 1953 anasamukira ku Gold Coast, n'kumagwira ntchito ku Kumasi.

Anabwerera pa 6 July 1958, kutsikira pa Chileka, ataitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya. Anali atakhala kunja zaka zoposa 40. Kwathu kuno munthu wotere timati mtchona. Ndipo tamvani izi: munthu amene Chichewa chinamudyetsa ku Chicago, pa misonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Poyamba anali John Msonthi, kenako John Tembo wa konkuno ku Dedza. Kalaliki womasulira wa ku Boksburg uja tsopano ankafuna womumasulira pamaso pa anthu a kwawo. Umenewo ndi mtengo wina umene analipira, wosalembedwa pa risiti ya fizi.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ndingodutsamo. Anamangidwa mu March 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo, anatuluka mu April 1960, dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya.

Pa nkhani ya maphunziro, ulamuliro wawo uli ndi nkhope ziwiri, ndipo ine sinditha kuyang'ana imodzi yokha. University of Malawi inatsegulidwa mu 1965 ndi ophunzira osakwana 100. Chaka chomwecho kunayamba Malawi Correspondence College, yophunzitsa kudzera m'makalata ndi pa wailesi anthu amene sanapeze malo ku sekondale, ena mwa iwo ali pantchito. Imeneyi ndiyo inadzakhala MCDE, ndipo malo ake ambiri ndiwo anasanduka ma CDSS amene ambirife taphunzirako. Tinganene kuti ndife adzukulu a sukulu ya m'makalata. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko lonse, zimene zinakondweretsa ife a chigawo chapakati koma zinapweteka anzathu a kumpoto, poti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu.

Koma sukulu imene a Kamuzu anaikapo mtima wawo wonse ndi Kamuzu Academy, imene anaitsegula mu 1981 ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja. Ana ochepa osankhika, Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ochokera kunja, Mmalawi osaloledwa kuphunzitsapo. Apa ine ndimakanika kumvetsa. Munthu amene anamwino achizungu anamukana chifukwa cha khungu, n'kudzakananso aphunzitsi a khungu lake pa sukulu yake. Munthu amene ankasaka buku usiku ku mgodi, boma lake linakhazikitsa bungwe loletsa mabuku, ndipo ophunzira ambiri anathawa m'dziko kapena kutsekeredwa popanda mlandu. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College komanso mlakatuli, anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaonekera m'khoti. Funsani agogo za makadi a chipani ndi a Payoniya, akuuzani okha, ine ndinalibe kubadwa. Amene amati sukulu yokha imakonza munthu mtima, mbiri iyi ayiwerenge kawiri.

Mu June 1993 Amalawi anavotera matipate pa riferendamu, ndipo mu 1994 a Kamuzu anagonja pa chisankho kwa a Bakili Muluzi, n'kuvomereza zotsatira. Anali nkhalamba yotheratu. Atadwala anawatengera ku South Africa, ndipo anamwalira pa 25 November 1997 m'chipatala cha Garden City ku Johannesburg, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Boksburg, kumene zaka zoposa 70 m'mbuyomo ankaweruka pa ofesi ya mgodi n'kuthamangira sukulu ya usiku. Thupi lawo linabwera kudzaikidwa ku Lilongwe.